Ngati mafunde sanyamula madzi, nanga n'chiyani chimafika pagombe?

Wophunzira wina wa Fomu 3 ku Nkhotakota walemba kuti:

"Aphunzitsi, ndithandizeni. Tayamba kuphunzira za mafunde mu fizikisi ndipo ndasokonezeka. M'kalasi atiuza kuti funde likamayenda panyanja silinyamula madzi. Nditawafotokozera amalume, omwe ndi asodzi kuyambira ubwana wawo, anaseka n'kundifunsa kuti nanga bango ndi zinyalala zimene timapeza pamchenga m'mawa zimabwera ndi ndani. Ndinasowa choyankha. Akutinso mawu, kuwala ndi wailesi nazonso ndi mafunde, koma ine sindikuona kufanana kwake ndi madzi. Kusukulu kwathu kulibe labu, ndiye ndikungoloweza v = fλ osadziwa chimene ndikuloweza. Kodi vuto ndi nzeru zanga?"

Mwana wanga, khazika mtima pansi, nzeru zako zili bwinobwino. Pa zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa fizikisi, ophunzira amene amandidetsa nkhawa ndi aja amangokopera za pabolodi n'kuvomera kuti amva. Iwe watenga zimene unamva m'kalasi n'kukaziyesa kwa munthu woidziwa nyanja, zakanika kugwirizana, ndipo wafunsa. Amalume ako akunena zimene amaona ndi maso awo tsiku ndi tsiku, choncho usawatsutse mwachipongwe. Aphunzitsi akonso sananame. Tiye tione pamene aliyense akulondola.

Tsiku limene kulibe mphepo yambiri, tenga botolo lapulasitiki, uthiremo madzi theka kuti lizimira pang'ono, ulitseke, ndipo upemphe amalume akaliike kutsogolo kwa pamene mafunde akuswekera. Uliyang'anitsitse. Funde likafika, botolo likwera, lisunthira kutsogolo pang'ono, litsika, kenako libwerera m'mbuyo. Funde lija lapitiriza ulendo wa kugombe, koma botolo latsala pafupifupi pomwe linali. Madzi amene alinyamula akuchitanso chimodzimodzi, akungozungulira pamalo amodzi. Chimene chadutsa ndi mphamvu. Mphepo inakankha madzi kutali uko, madziwo anakankha oyandikana nawo, enawo n'kukankhanso ena. Zili ngati pomanga tchalitchi, anthu akandanda pamzere n'kumapatsirana njerwa: njerwa imachoka pauvuni mpaka pamaziko, koma aliyense amangotembenuka pomwe waima. Madzi ndi anthu aja, mphamvu ndiye njerwa.

Kuzungulira kwa madziku kumachepa ukamatsikira pansi. Ukamira kuya kokwana theka la mtunda wochokera pansonga ya funde kukafika pansonga yotsatira, madzi amakhala pafupifupi ali phee ngakhale pamwamba pakhale pakuwinduka.

Tsono bango la amalume labwera bwanji? Choyamba, mphepo yomwe yautsa mafunde imakankhanso chilichonse choyandama, ndiponso imakokera madzi a pamwamba penipeni kumene ikulowera. Chachiwiri, kuzungulira kuja sikubwerera ndendende pomwe kunayambira. Funde lililonse limasiya botolo litasendera kutsogolo pang'ono zedi, ndipo usiku wonse kusendera kumeneku kumachuluka. Chachitatu, ndipo ichi ndicho amalume amaona kwambiri, pafupi ndi gombe funde limasintha khalidwe. Likafika posaya limachepetsa liwiro, mafunde a kumbuyo amayandikira a kutsogolo, funde limatalika m'mwamba mpaka nsonga yake imagwera kutsogolo n'kusweka. Pamenepo madzi amathamangadi pamchenga, n'kutaya bango, kenako amabwerera. Choncho pagombe amalume akulondola. Koma mafunde akanati azinyamula madzi onse kuchokera pakati pa nyanja, mphepo ya mwera ikawomba mlungu wathunthu ku Mangochi kukanauma, madzi onse atakaunjikana ku Karonga.

Tsopano tibwere ku zilembo zimene ukulowezazo. Labu siikufunika apa. Mangirira chingwe chachitali kumtengo, ugwire mbali inayo, uzigwedeza dzanja m'mwamba ndi pansi. Uona timapiri ndi tizigwa tikuthamangira kumtengo. Ukamanga kansalu pakati pa chingwe, kansaluko kazingokwera ndi kutsika osapita kumtengo. Funde lotere, limene chinthu chimagwedezeka mopingasa njira imene mphamvu ikulowera, pamayeso limatchedwa transverse.

Pachingwe chomwecho pali zinthu zoti uziyeze. Amplitude ndi mtunda wochokera pamene chingwe chimakhala chikapuma kukafika pansonga ya funde. Ophunzira ambiri amataya malikisi poyeza kuchokera pansonga mpaka m'chigwa, koma kumeneko ndi kuwirikiza kawiri. Wavelength, ija timalemba ndi chilembo λ, ndi mtunda wochokera pansonga ina kukafika pansonga yotsatira. Frequency, yomwe ndi f, ndi kuchuluka kwa mafunde amene akudutsa pamalo amodzi pa sekondi imodzi, ndipo imayezedwa mu hertz. Period, yomwe ndi T, ndi nthawi imene funde limodzi limatenga kuti lidutse, choncho T = 1/f.

Ganizira izi. Ngati dzanja lako likutulutsa mafunde 2 pa sekondi, ndipo lililonse ndi lotalika mamita 3, ikatha sekondi imodzi funde loyamba lija lakankhidwa kutsogolo ndi mamita 6. Wachulukitsa kuchuluka kwa mafunde ndi utali wa lililonse, wapeza liwiro. v = fλ ndi zomwezo basi. Ukaiwala pamayeso ukhoza kuipanganso wekha mwa kulingalira chingwe. Panyanja ukhoza kuima pamene pali mwala kapena mtengo wozikidwa m'madzi n'kuwerenga mafunde amene akuudutsa. Tinene kuti wawerenga 15 pa mphindi imodzi. Gawa 15 ndi masekondi 60, frequency ndi 0.25 hertz, ndipo period ndi masekondi 4. Pamadzi akuya funde la period imeneyi limatalika pafupifupi mamita 25, ndiye liwiro lake ndi mamita oposa 6 pang'ono pa sekondi.

Pali mfundo imodzi imene ndimafuna wophunzira aliyense aigwire ndi manja awiri, chifukwa mafunso ambiri amachokera pamenepo. Frequency imachokera ku chimene chautsa funde. Liwiro limachokera ku chinthu chimene funde likudutsamo. Ukagwedeza dzanja mofulumira, mafunde sathamanga kwambiri pachingwe, amangochuluka n'kufupika. Kuti athamange uyenera kukoka chingwe chilimbe, kapena kutenga chingwe chopepuka. Ndiye funde likachoka m'chinthu china kulowa m'china, frequency siisintha, liwiro limasintha, ndipo wavelength imatsatira liwiro.

Zotsatira zake umaziona tsiku lililonse. Wadzifunsapo chifukwa chake mafunde amafika pagombe atandanda pafupifupi mofanana ndi gombelo, ngakhale mphepo ikhale ikuchokera chammbali? Mbali ya funde imene yayamba kufika posaya imachedwa, pamene mbali ina ikadali pakuya ikuthamangabe, ndiye funde lonse limakhota n'kuyang'ana kumtunda. Kukhota kumeneku ndi refraction. Kuwala kumachitanso chimodzimodzi: mumpweya kumayenda pafupifupi makilomita 300,000 pa sekondi, m'madzi pafupifupi 225,000. N'chifukwa chake nkhafi imaoneka yothyoka pamene yalowera m'madzi, ndipo nsomba imaoneka ngati ili chapamwamba kusiyana ndi pomwe ilidi.

Za amplitude ndikufuna ndikuchenjeze, chifukwa izi zikukhudza moyo wa anthu a kwanu. Mphamvu ya funde siikwera mofanana ndi msinkhu wake. Msinkhu ukawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi. Ukawirikiza katatu, mphamvu ndi kasanu ndi kanayi. Munthu amayang'ana n'kunena kuti mafunde angokwera pang'ono poyerekeza ndi m'mawa, osadziwa kuti mphamvu imene ikumenya boti yachuluka kwambiri. Kukula kwa mafunde kumadalira mphamvu ya mphepo, nthawi imene yakhala ikuwomba, ndi mtunda wa madzi umene yadutsa popanda chotchinga. Nyanja ya Malawi ndi yotalika makilomita oposa 550 kuchokera kumwera kukafika kumpoto, ndipo mphepo ya mwera, imene imalimba m'nyengo yozizira kuyambira cha mu May mpaka cha mu August, imawomba motsata utali umenewo. Ikamafika kumpoto imakhala itapeza mtunda wokwanira kuutsa mafunde oopsa. Mu July 1946 sitima ya Vipya inamira pa mkuntho kumpoto kwa nyanjayi, ndipo anthu 145 anafa. Imeneyo inali sitima yachitsulo. Choncho a Nthambi ya Zanyengo akachenjeza pawailesi za mwera, umenewo ndi uthenga woti boti likhale pamchenga.

Nanga mawu akufanana bwanji ndi zimenezi? Ika timchenga pang'ono pachikopa cha ng'oma, umenye chammbali, uona timchengato tikudumpha. Chikopa chikunjenjemera. Chikapita m'mwamba chimapanikiza mpweya umene uli pamwamba pake, chikabwerera chimasiya mpweya wotakasuka. Mpweya wopanikizika uja umakankha woyandikana nawo, mpaka kukankhako kufika pa kachikopa ka m'khutu mwako. Mpweya wa pang'oma sunabwere kukhutu kwako, wangopita kutsogolo ndi m'mbuyo pamalo pake. Kusiyana ndi chingwe n'kwakuti apa kugwedezeka kukutsata njira yomwe mphamvu ikulowera, ndipo funde lotere ndi longitudinal. Wavelength yake ndi mtunda wochokera pamalo opanikizika kukafika pamalo ena opanikizika otsatira.

Frequency ikakwera timamva mawu aang'ono, osongoka, monga a wezulo. Ikatsika timamva mawu a besi. Amplitude ikakula mawu amamveka mokweza. Khutu la mwana wathanzi limamva kuyambira pa 20 hertz mpaka pafupifupi 20,000 hertz, ndipo malire a pamwambawo amatsika munthu akamakula. Mumpweya mawu amayenda pafupifupi mamita 340 pa sekondi, m'madzi pafupifupi 1,500, m'chitsulo pafupifupi 5,000. Ambiri amaganiza kuti m'chinthu cholimba mawu ayenera kuchedwa, koma m'menemo tizigawo ndi togwirana kwambiri, ndiye kukankhana kumafalikira msanga. Kumene kulibe chilichonse, monga kutali m'mlengalenga, mawu sangayende n'komwe, chifukwa palibe chokankha chinzake.

Funde likagunda chinthu cholimba limabwerera. Ukaima mamita 170 kuchokera pathanthwe lalitali n'kuwomba m'manja, umva kuwombako kukubwerera pakatha sekondi imodzi, popeza mawu ayenda mamita 340 kupita ndi kubwera. Pa mafunso a echo kumbukira kuwirikiza mtunda kawiri. Sitima zimayeza kuya kwa madzi mwa njira yomweyi. Pamalo akuya kwambiri a nyanja yathu, pafupifupi mamita 700, mawu otumizidwa pansi amabwerera sekondi isanakwane bwino. Mileme imasaka tizilombo usiku potulutsa mawu a frequency yoposa imene ife timamva n'kumvetsera kubwerera kwake. Sikani imene amayi oyembekezera amapangidwa kuchipatala imatumiza mawu a mahertz mamiliyoni angapo m'mimba, ndipo makina amajambula chithunzi kuchokera ku mawu obwerera.

Kuwala ndi wailesi n'kumene ophunzira ambiri amaima, chifukwa mafunde amenewa safuna madzi, chingwe kapena mpweya. Kuwala kwa dzuwa kumadutsa mtunda wa makilomita pafupifupi 150 miliyoni wopanda mpweya, n'kutifika patatha mphindi 8 ndi masekondi pafupifupi 20. Chimene chikugwedezeka apa ndi mphamvu ya magetsi ndi ya maginito, imene ikukwera ndi kutsika mopingasa njira ya funde. James Clerk Maxwell wa ku Scotland ndiye anasonyeza ndi masamu m'zaka za m'ma 1860 kuti mafunde otere ayenera kukhalapo ndipo kuwala ndi amodzi mwa iwo. Heinrich Hertz wa ku Germany anawapanga ndi kuwagwira mu labu cha mu 1887 ndi 1888, ndipo muyezo wa frequency unatenga dzina lake. Timawatcha mafunde chifukwa amachita zonse zimene mafunde amachita: amabwerera akagunda kalilole, amakhota akalowa m'madzi, ali ndi frequency ndi wavelength, ndipo amamvera v = fλ.

Yesa wekha. Wailesi za FM zimaulutsa pakati pa 88 ndi 108 megahertz. Tenga 100 megahertz, amene ndi mahertz 100,000,000. Liwiro ndi mamita 300,000,000 pa sekondi. Gawa, upeza wavelength ya mamita 3. Kuwala kumene maso amaona kuli ndi wavelength yosakwana n'komwe gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, ndipo kufiira n'kumene kuli kotalikirapo kuposa buluu. Wailesi, foni, kutentha kumene umamva ukayandikira mbaula, kuwala, ultraviolet ndi X-ray ndi banja limodzi, zimangosiyana frequency.

Kusiyana kwa wavelength kumafotokoza chinthu chimene sitichidabwa chifukwa tinachizolowera. Munthu akamalankhula kuseri kwa nyumba umamumva koma sumuona. Funde limapinda m'mbali mwa chotchinga, kapena kumwazikana likadutsa pampata, ngati chotchingacho kapena mpatawo uli wofanana kukula ndi wavelength yake. Mawu a 340 hertz ali ndi wavelength ya mita imodzi, yofanana ndi kukula kwa khomo, ndiye amamwazikira m'chipinda chonse. Kuwala n'kwakufupi kwambiri moti pakhomo kumangodutsa mowongoka. Imeneyi ndi diffraction. Ndiyonso imathandiza kumvetsa chifukwa chake netiweki ya foni, imene wavelength yake ndi ya masentimita, imasowa kuseri kwa phiri.

Mafunde awiri akakumana amadutsana osaphana, koma pamalo okumanirapo amaphatikizana. Ponya timiyala tiwiri nthawi imodzi m'dziwe labata. Pamene nsonga yakumana ndi nsonga madzi akwera kwambiri, pamene nsonga yakumana ndi chigwa madzi akhala ngati sakugwedezeka. Pafupi ndi matanthwe otsetsereka, mafunde obwerera amakumana ndi obwera, ndipo madzi amadumphadumpha mosalongosoka. Asodzi amadziwa kuti pamalo otere boti silikhazikika. Pansambo ya gitala mafunde amabwerera kuchokera kumapeto onse awiri n'kupanga funde looneka ngati laima. Ukafupikitsa nsamboyo ndi chala, wavelength imafupika, frequency n'kukwera.

Ngakhale nthaka imanyamula mafunde. Pa chivomerezi, monga cha ku Salima mu 1989 kapena zija za ku Karonga mu December 2009, mafunde a longitudinal ndi amene amayamba kufika chifukwa amathamanga kwambiri, kenako amabwera a transverse, amene amagwedeza nyumba mwamphamvu. Akatswiri amayeza nthawi ya pakati pa awiriwa kuti adziwe kutalika kwa pamene chayambira.

Popeza mafunde amanyamula mphamvu, ena akhoza kuvulaza, ndipo ndi bwino kudziwa oyenera kuwaopa. Ukaona ching'aning'ani, werenga masekondi mpaka bingu limveke. Kuwala kumafika nthawi yomweyo, mawu amatenga masekondi 3 pa kilomita iliyonse. Ukawerenga 9, mphezi yagwa pamtunda wa makilomita 3. Koma usadalire masamuwa kuti uchedwe panja. Ngati bingu likumveka, mphezi yotsatira ikhoza kufika pomwe uli, ndiye choka pamadzi, pabwalo ndi pansi pa mtengo, ulowe m'nyumba.

Phokoso nalo limawononga mwakachetechete. Phokoso loposa ma decibel 85 (decibel ndi muyezo wa kukula kwa phokoso) kwa maola 8 pa tsiku limapha pang'onopang'ono tizigawo ta mkati mwa khutu, ndipo tikafa sitimeranso. Ndimadera nkhawa anyamata ogwira ntchito m'zigayo popanda chotseka m'makutu, komanso ana asukulu amene amagona ndi mahedifoni akulira. Ngati uyenera kukuwa kuti mnzako amene waima pafupi akumve, phokosolo lachuluka. M'makutu mukamalira kwa masiku angapo, kapena ukamavutika kumva aphunzitsi uli pakati pa kalasi, pita kuchipatala akakuyeze, usadikire. Ultraviolet ya dzuwa, kuwala kumene maso saona, ili ndi frequency yokwera moti imawononga khungu, ndipo abale athu achialubino ayenera kuvala chipewa, zovala za manja aatali ndi mafuta oteteza, komanso kuonetsa kuchipatala chilonda chilichonse chimene sichikupola. X-ray ndi yamphamvu kuposa pamenepo, n'chifukwa chake mayi woyembekezera ayenera kuuza achipatala asanajambulidwe. Mafunde a wailesi ndi foni ali kumunsi kwa banjali, frequency yawo ndi yotsika kuposa ya kuwala kumene, ndipo alibe mphamvu yothyola tizigawo ta m'thupi monga X-ray imachitira.

Pa za mayeso, pempha aphunzitsi ako kuti tsiku lina mubweretse thireyi kapena bafa lalikulu m'kalasi. Thirani madzi osaya, muviike rula mobwerezabwereza, muone mafunde owongoka. Ikani njerwa ziwiri zosiya kampata, muone akumwazikana. Ikani galasi kapena matailosi pansi mbali imodzi kuti pakhale posaya, muone akufupika ndi kukhota. Aphunzitsi ambiri amasangalala wophunzira akapempha zotere. Kenako funafuna mapepala akale a MANEB, uwayankhe ndi anzako awiri kapena atatu, aliyense azifotokozera mnzake chifukwa chake wayankha choncho.

Poyankha, sintha masentimita akhale mamita, ndi kilohertz ikhale hertz, usanachulukitse chilichonse. Ukapatsidwa girafu ya funde, yamba wawerenga zimene zalembedwa pamzere wogona. Ngati ndi mtunda, kuchokera pansonga kukafika pansonga yotsatira ndi wavelength. Ngati ndi nthawi, imeneyo ndi period, ndipo frequency uipeza pogawa 1 ndi period imeneyo. Magirafu awiriwa amaoneka ofanana, ndipo apa m'pamene ngakhale ophunzira anzeru amagwa. Ukayesa mafunso angapo n'kuona kuti ukulakwitsabe pamalo amodzimodzi, tenga kope lako upite nalo kwa aphunzitsi teremu isanathe, uwaonetse mzere weniweni umene ukusokonezekera.